Musanagule mapilitsi okweza testosterone

Achimwene, mwafunsa ngati mapilitsi amene akutsatsa kuti amakweza testosterone, homoni ya amuna, angakukulitseni minofu, poti patha miyezi isanu mukunyamula zitsulo koma akatumba sakuoneka. Ine ndikuti ndalama zanuzo zisungeni.

Tembenuzani botololo muwerenge kumbuyo. Kawirikawiri mupeza tribulus, fenugreek, D-aspartic acid, zinc ndi magnesium. Tribulus, amene ndi chomera, anamuyesa kangapo pa amuna ochita masewera, testosterone osakwera ayi. Zinc ndi vitamin D amathandiza munthu amene thupi lake likuzisowadi, koma ngati muli nazo zokwanira, kuwonjezera sikusintha kanthu.

Chimene chimandiopsa kwambiri ndi botolo limene likugwira ntchito mwachangu, chifukwa nthawi zina amakhala kuti abisamo ma steroid, mahomoni opangidwa mofanana ndi testosterone. Akatswiri a ku Cologne, ku Germany, anayeza mitundu 634 ya zinthu zogulitsidwa kwa ochita masewera m'maiko osiyanasiyana, ndipo mu 2004 anaulutsa kuti pafupifupi 15 pa 100 iliyonse inali ndi mahomoni amene sanalembedwe pa botolo. Mahomoni otere akachuluka m'magazi, ubongo umaleka kutuma machende kuti apange testosterone wake. Machende amayamba kufota, mbeu ya abambo imachepa, mabere amatupa, chiwindi nacho chimavutika. Mnyamata wina amene tinkanyamula naye zitsulo anafufuma mapewa m'miyezi iwiri, tonse tikumusirira. Posakhalitsa nsana unadzaza ziphuphu, mawere anayamba kupweteka moti ankavala malaya awiri ngakhale kukutentha. Atasiya kumwa, anatha miyezi ali wofooka, chilakolako cha m'banja chilibe. Zinandimvetsa chisoni, poti iye ankangofuna kuoneka bwino basi.

Tsono minofu imakula bwanji? Choyamba ndi chakudya. Munthu wonyamula zitsulo amafunika pafupifupi magalamu 1.6 a puloteni pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku. Ngati mumalemera makilogalamu 70, ndiye magalamu ngati 112. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6 okha, choncho nsima ya masamba yokha siikufikitsani. Onjezani usipa, nyemba, soya, nsinjiro, chambiko, ndi nkhuku ikapezeka. Zitsulonso muziwonjezera kulemera pang'onopang'ono, osati zomwezo mwezi ndi mwezi.

Tulo musatichepetse. Ku University of Chicago, mu kafukufuku wa 2011, anyamata athanzi anawagoneka maola 5 okha usiku uliwonse kwa sabata imodzi, ndipo testosterone wawo anatsika ndi 10 mpaka 15 pa 100. Ndiye foni ija pa bedi mpaka pakati pa usiku, iganizireni bwino.

Ngati mukufunadi kugula kanthu, gulani creatine monohydrate, ufa wothandiza minofu kupeza mphamvu, muzimwa magalamu 3 mpaka 5 patsiku. Si homoni, ndipo anamufufuza kwambiri. Koma ngati mumangokhala otopa, chilakolako cha m'banja chinachepa, ndipo m'mawa chida cha abambo sichidzukanso, pitani kuchipatala akakuyezeni magazi. Mupite m'mawa, chifukwa ndi nthawi imene testosterone amakhala wokwera.