Zida za faiba: yambani mwapeza wogula

Achimwene, mwafunsa ngati n'kwanzeru kuyamba geni yooda kunja zida za intaneti ya faiba, yoyenda m'zingwe za ulusi wagalasi, n'kumagulitsa kuno ku Nsanje ndi ku Chikwawa, poti mwamva kuti mayunivesite akunja ali ndi malabu otseguka ofufuzira faiba yofika mpaka pakhomo la munthu. Ndiyankha monga munthu wodutsa pa chipata cha Marka kulowera ku Vila Nova ndi Mutarara ku Mozambique.

Katundu woyenda msanga kuno ndi mafoni, matchaja, masola ndi tirauta ta 4G. Faiba yofika m'nyumba sinafale m'chigwa muno. Ogula zida zake ndi amisiri olumikiza maofesi, ndipo ambiri ali ku Blantyre. Ndiye ine sindigula kanthu ka faiba popanda oda. Mmisiri amanditumizira pa WhatsApp chithunzi ndi nambala ya chipangizocho, n'kuponya theka la ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo akatero ndimanyamuka.

Chifukwa chake n'ichi. Kabokosi kokhala m'nyumba, kotchedwa ONU, kamayankhulana ndi makina aakulu a kampani yopereka intaneti, otchedwa OLT. Nthawi zambiri ka kampani ina sikamvana ndi makina a kampani ina. Kamayaka bwinobwino, magetsi ake n'kumathwanima, koma intaneti osalowa. Mukaoda katoni yathunthu mongoganizira, mpamba wanu wagona pashelefu. Nawonso marauta a 4G ena amabwera otsekeredwa kuti azilandira simu ya kampani imodzi yokha, choncho muyeseni simu yanu musanalipire.

Apa m'pamene malabu mukunenawo amandikhudza ine wageni. Zina mwa zimene amachita ndi kuika makina a makampani osiyanasiyana pamodzi n'kuona ngati akumvana, komanso kulola ophunzira ndi timakampani tating'ono kudzayesa zida zawo. Mtima wanga umalakalaka labu yotere itakhala pa MUBAS ku Blantyre kapena pa MUST ku Thyolo, yoti munthu ukatengereko kabokosi kamodzi, akuyesere, usanathire ndalama zonse.

Katunduyu mumudziwenso ndi manja. Mkati mwa chingwe muli ulusi wagalasi wopyapyala ngati tsitsi, ndipo chimayendamo ndi kuwala, osati magetsi. Mulibe kopa, moti amene amadula zingwezi pofuna kukagulitsa amangozunza anthu pachabe. Mukachipinda kwambiri pomanga katundu pa kabaza, kunja chimaoneka chabwino koma mkati chathyoka. Mitu yolumikizira ilipo yobiriwira, SC/APC, ndi yabuluu, SC/UPC. Yobiriwirayo nsonga yake ndi yopendekeka pang'ono, ndipo mukaikakamiza pa yabuluu mumaononga zonse ziwiri. Tizivindikiro tapansonga musavule ngakhale wina akufuna kuona. Fumbi la pa Bangula mwezi wa October ndi lokwanira kutchinga kuwalako. Chimene ndimachikonda ndi splitter: sichifuna magetsi, koma chimagawa ulusi umodzi ku nyumba 32 kapena 64, pa mtunda wofika makilomita pafupifupi 20. Kumbali ya wogula, kabokosi ka m'nyumba kokha ndiko kamafuna moto, n'chifukwa chake wogula ONU ndimamuuzanso za sola ndi batire.

Pachipata, onetsani malisiti enieni kwa a MRA ndipo lipirani msonkho. Zida zambiri zotere n'zopangidwa ku China, ndiye musayembekeze kuchotseredwa msonkho ngati katundu wopangidwa m'maiko a SADC, ngakhale mwazigula ku Mozambique. Zida zolumikizirana zimafunikanso kuti mtundu wake ukhale wovomerezedwa ndi MACRA. Funsani zimenezi musanaode. Zodutsa njira zachidule m'tchire kapena pa bwato zisiyeni, katundu wopanda mapepala palibe ofesi ingakugulireni.

Mtengo muziwerengera tsiku lomwelo, pa mtengo wa tsikulo wa metikali, ndalama ya ku Mozambique. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, amene anagulitsa pa mtengo wakale analephera kukaodanso. Nyengo yamvula musalonjeze tsiku lofikitsa katundu. Namondwe Ana mu January 2022 ndi Freddy mu March 2023 anadula misewu m'chigwa muno, ndipo msewu wokwera ku Blantyre kudzera pa Thabwa ndi M1 yomweyo yodutsa m'chigwamu. Ngati mwatsimikiza mtima, pezani mmisiri mmodzi wokhulupirika, muyambe ndi mitu yolumikizira ndi tizingwe tatifupi, zomwe zimalowa m'chikwama chimodzi.