Kiyibodi simunaononge achimwene, ndi mmbulu umenewo

Ndalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina amene amaimbira kwaya kiyibodi ku tchalitchi kwawo. Akuti ankangobayabaya mabatani pa Yamaha yawo, anapeza polembedwa Meantone, Werckmeister, Kirnberger, zomwe ndi njira zosiyanasiyana zotchunira manotsi, iye n'kudina Meantone. Nyimbo ya mu C inakoma mpaka amayi a alto kutembenuka, koma atalowa ya mu A flat zinalira ngati mphaka wapondedwa mchira. Funso lake ndi loti kodi ndaononga katundu wa mpingo?

Ayi achimwene, mtima m'malo. Nkhani yake ili chonchi. Mukayambira pa C n'kumakwera ma fifth (mtunda wa manotsi asanu) oyera, kutanthauza olira mosanjenjemera, C kupita G, G kupita D, choncho mpaka ka 12, mumayenera kubwerera pa C koma simufikapo ndendende, mumapitirira ndi ma cent pafupifupi 23, pomwe semitone imodzi, mtunda wa mabatani awiri oyandikana, ndi ma cent 100. Kotsalako amakatcha comma, ndipo kali ngati ngongole ya kubanki m'khonde, sikafufutika, wina ayenera kulipira basi.

Njira yotchunira ya Equal imene tinazolowerayi imagawira ngongoleyo ma fifth onse mofanana, aliyense ma cent 2. Meantone, imene Pietro Aaron anaifotokoza ku Italy mu 1523, inali ndi nzeru ina, oimba a nthawi imeneyo ankafuna ma third (mtunda ngati wa C ndi E) okoma, ndiye ankapanikiza fifth iliyonse ndi ma cent 5 ndi kenakake kuti C ndi E zikhale ma cent 386 osati 400 ayi, ndipo ndi zimenezo zinawatembenutsa amayi aja. Koma zotsala zonse anazikundika pamalo amodzi, pakati pa G sharp (batani lomwelo la A flat) ndi E flat, fifth imeneyo ndi yotambalala ndi ma cent pafupifupi 36 kuposa yoyera. Oimba akale ankaitcha wolf, mmbulu, chifukwa cha kulira kwake. Ndiye inu ndi A flat yanuyo munakagwira mmbulu weniweniwo pakamwa!

Andreas Werckmeister, woimba organ wa ku Germany, mu 1691 anapanikiza ma fifth anayi okha, C-G, G-D, D-A ndi B-F sharp, enawo n'kuwasiya oyera. Mmbulu kulibe, kiyi iliyonse imaimbika ngakhale kakomedwe kake n'kosiyana. Ineyo ndimakonda imeneyi, kunena zoona.

Lamulungu, ngati pali gitala ndi bezi kapena akwayamasitala anu ndi aja osinthasintha kiyi, bwezerani pa Equal osachedwa, ma fret a gitala anawaika mwa Equal. Koma pa pulakatisi mukatsala nokha, ikani voice ya organ, gwirani C wapakati ndi E osasiya. Pa Equal mumva kunjenjemera, wawawawa, pafupifupi ka 10 pa sekondi. Sinthani muike Meantone, gwiraninso zomwezo, mumva kunjenjemera kuja kuli zii.