Funsani Akonzi: Kugona m'tenti pa Trillium Lake

Funso: Akonzi, mu Julayi ine ndi ana tikufuna kukagona masiku awiri m'tenti pa Trillium Lake, m'nkhalango ya boma ya Mount Hood kuno ku Oregon. Popeza ndi nyengo yotentha, mabulangete opepuka akwanira? Nanga mbaula tingatenge? Mayi wa ana awiri, Portland.

Yankho: Mayi, dzuwa la masana lisakupusitseni. Nyanjayi ili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,100, ndipo kukada mpweya wozizira umatsetsereka kuchokera m'phiri n'kudzakhazikika pamadzi. Mbandakucha mano amachita kugwedezeka. Aliyense akhale ndi sleeping bag (chofunda chonga thumba chogonamo) yake komanso kamatiresi koyala pansi. Ambiri amaiwala kamatiresiko, chonsecho dothi ndi limene limayamwa kutentha kwa thupi, pakuti zofunda zimene mwazigonera zimaphwatalala n'kusiya kugwira ntchito. Ana agone atavala chipewa chaubweya ndi masokosi ouma, osati amene asewera nawo m'madzi.

Timawindo ta pamwamba pa tenti musatitseke ngakhale kuzizire. Mpweya umene mukupuma ukasowa potulukira umasanduka madontho padenga, ndipo mudzadzuka zofunda zitanyowa ngati kwagwa mvula. Pulasitiki yoyala kunsi kwa tenti isatulukire m'mbali. Ipindireni mkati, apo ayi imakunga madzi a mvula n'kuwalowetsa pogona panu.

Za mbaula tinenetse: isalowe m'tenti ngakhale makala atayaka bwino. Amatulutsa carbon monoxide, mpweya wopanda fungo umene umapha munthu ali mtulo. Komanso nkhalango ikauma, a Forest Service, nthambi ya boma yoyang'anira nkhalango, amaletsa moto wa nkhuni ndi makala, nthawi zambiri n'kungolola chitofu cha gasi chokhala ndi pozimitsira. Afunseni musananyamuke. Ngati moto ndi wololedwa, kolezani m'chitsulo chozungulira chimene anaikiratu pamalopo. Pozimitsa thirani madzi, takasani phulusa, thiraninso mpaka mutayandikiza dzanja osamva kutentha.

Malo omanga tenti amasungitsidwa pa intaneti, pa Recreation.gov, kutatsala miyezi 6, ndipo a Loweruka amatha msanga.

Funso: Madzi a m'nyanja za kumapiri amaoneka mbee. Tingamwe? Wowerenga, Seattle.

Yankho: Ayi, achimwene. Maso saona giardia, kachilombo kotsegula m'mimba kamene kamayamba kuvuta patapita sabata imodzi kapena ziwiri, munthu atabwerera kale kunyumba. Wiritsani madzi abwadamuke kwa mphindi imodzi, kapena mphindi 3 mukakhala pamwamba kuposa mamita 2,000. Mbale tsukirani pamtunda wa mamita 60 kuchokera kunyanja, ndipo zotsala zonse, ngakhale mafupa a nsomba, zitsekereni m'galimoto usiku, chifukwa fungo lake limaitana zimbalangondo.