Moodle yaulere kapena pulogalamu yolipira? Yankho kwa mayi wa koleji ya maakaunti

Mayi wina amene amayendetsa koleji yaing'ono ya maakaunti wandilembera imelo. Akuti ophunzira awo ambiri ndi apantchito, ndiye akufuna kuti makalasi ena aziyenda pa intaneti. Kampani ina yawatumizira mtengo wa LMS, pulogalamu yoikapo manotsi, mayeso ndi mamakisi, koma mnzawo wawauza kuti LMS ina yotchedwa Moodle ndi yaulere. Akufunsa ngati agule kapena atenge yaulereyo.

Amayi, mnzanuyo sananame. Moodle anaiyambitsa Martin Dougiamas wa ku Australia, inatuluka mu 2002, ndipo mpaka lero aliyense akhoza kuitenga osalipira. Chimene chimadya ndalama ndi seva, kompyuta imene pulogalamuyo imakhalapo, komanso munthu woisamalira, woika ma update ndi kusunga backup, kope lapadera la zonse zimene zilimo. Ngati munthuyo ndi mmodzi yekha, tsiku limene wapeza ntchito kwina, mamakisi a ophunzira anu atsala m'manja mwa ndani? Funso limeneli muliyankhe musanayambe chilichonse.

Zolipira, monga Canvas ya kampani ya Instructure ku Salt Lake City ku America, Brightspace ya kampani ya D2L ku Canada ndi Blackboard, zimakhala pa seva za eni ake, ndipo vuto likabwera amakonza ndi iwowo. Ndi zabwino, sindikukana. Koma mumalipira chaka ndi chaka, kawirikawiri potengera chiwerengero cha ophunzira, ndiponso m'madola. Apa m'pamene pandidetsa nkhawa. Mu November 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti nthawi imodzi. Fizi mumatolera m'makwacha, ngongole ili m'madola, ndipo madolawo muyenera kukawadikira ku banki. Koleji yaing'ono ikhoza kugwa nazo zimenezi.

Msikawu nawonso sukukhazikika. Instructure inagulidwa ndi Thoma Bravo, kampani yogula makampani ena, mu 2020, kenako kampani ina yotero, KKR, inaigulanso mu 2024 pa mtengo wa madola pafupifupi 4.8 biliyoni. Blackboard inaphatikizana ndi kampani ya Anthology mu 2021, ndipo mu 2025 Anthology inakapempha chitetezo cha Chapter 11, lamulo lothandiza makampani olephera kubweza ngongole, kukhoti ku America chifukwa cha ngongole. Eni ake akasintha, mitengo ndi malamulo zimatha kusinthanso. Choncho wogulitsayo alembe mu kontrakiti momwe mungatulutsire manotsi, mafunso a mayeso ndi mamakisi anu onse tsiku limene mwafuna kuchoka, komanso ndalama zimene angakulipiritseni pochita zimenezo. Akamazemba, musasaine.

Masiku ano wogulitsa aliyense akutchula AI, luso la kompyuta lotsanzira nzeru za munthu. Pakadali pano musaonjezere ndalama chifukwa cha zimenezo.

Chiwonetsero chawo amachitira pa laputopu yokongola ndi Wi-Fi yamphamvu. Inu bwerekani foni yotchipa ya Android ya wophunzira wanu, ya sikirini yosweka ija, ikani bandulo yaing'ono, tulukani panja pamene netiweki imabwera ndi kupita. Tsitsani manotsi, jambulani tsamba la asayimenti yolemba pamanja, tumizani, kenako onani data imene yatsala. Apu ya Moodle imalola wophunzira kutsitsa zinthu n'kumawerenga intaneti palibe, ndipo kwa munthu amene amawerengera mu minibasi pochokera kuntchito, chimenechi n'chachikulu kuposa mitundu yokongola ya tsamba.

Google Classroom, imene inabwera mu 2014, ndi yosavuta kuyamba nayo ndipo ingakuthandizeni kuyesa ndi kalasi imodzi. Koma pa maakaunti mudzafuna nkhokwe ya mafunso ambiri osakanizika, ndipo pamenepo Moodle ili patsogolo.

Ine ndikanakhala inu ndikanatenga Moodle, n'kupeza kampani yoisunga imene ingavomere kulipidwa m'makwacha, ndi pangano loti backup ina izikhala kwa inu. Ndalama zotsalazo phunzitsirani aphunzitsi awiri kapena atatu kuiyendetsa, ndipo teremu yoyamba yambani ndi kosi imodzi yokha.