Kodi mendulo ya Valentin Hristov inapita kuti?

FUNSO: Akonzi, ine ndimakonda masewero onyamula zitsulo, ndipo ndikukumbukira kuti pa mpikisano wa Olimpiki wa ku London mu 2012 mnyamata woimira dziko la Azerbaijan, Valentin Hristov, anapata mendulo yamkuwa. Posachedwapa ndayang'ana mndandanda wa opambana koma dzina lake mulibe, ndipo pamalo pake pali munthu wa ku Vietnam. Kodi chinachitika n'chiyani? Nanga bwanji dzina lakeli likumveka ngati la ku Bulgaria? Ndine wowerenga wanu wa nthawi zonse.

YANKHO: Zikomo kwambiri owerenga athu, ndipo simunalakwitse kukumbukira. Tiyambe ndi funso lanu lachiwiri chifukwa ndi lalifupi. Hristov anabadwira ku Bulgaria mu 1994, ndipo ali mnyamata anasamukira ku Azerbaijan n'kuyamba kuimira dzikolo, monganso anachitira mtsikana wina wonyamula zitsulo, Boyanka Kostova.

Pa 29 Julayi 2012, mu holo ya ExCeL ku London, Hristov anapikisana m'gulu la amuna osapitirira makilogalamu 56, ali ndi zaka 18 zokha. Pa masewerowa pali kanyamulidwe kawiri. Pa snatch munthu amakweza chitsulo kuchoka pansi mpaka pamwamba pa mutu mosaima, pomwe pa clean and jerk amayamba wachifikitsa pamapewa kenako n'kuchikankhira m'mwamba. Aliyense amayesa katatu pa kanyamulidwe kalikonse, ndipo oweruza amaphatikiza kulemera kwakukulu kumene wakwanitsa mbali zonse ziwiri. Hristov anakwanitsa makilogalamu 286 n'kukhala wachitatu, kumbuyo kwa Om Yun-chol wa ku North Korea amene anapeza 293 ndi Wu Jingbiao wa ku China amene anapeza 289. Wachinayi anali Trần Lê Quốc Toàn wa ku Vietnam, yemwe anatsalira ndi makilogalamu awiri okha.

Chimene anthu ambiri sadziwa n'chakuti mkodzo umene osewera amapereka pa Olimpiki sautaya akangoupima. Bungwe loyendetsa Olimpiki padziko lonse, la IOC, limausunga mozizira kwambiri kwa zaka zofika khumi, n'cholinga choti njira zopimira zikapita patsogolo aupimenso. Akatswiri atapeza njira yozindikirira zotsalira za mankhwala zimene zimakhalitsa m'thupi, anayamba kupimanso mkodzo wa ku Beijing wa 2008 ndi wa ku London wa 2012, ndipo onyamula zitsulo ambirimbiri anagwidwa. Mumkodzo wa Hristov munapezeka turinabol, mankhwala oletsedwa okulitsa minofu amene anapangidwa ku East Germany, motero mu 2019 IOC inamulanda mendulo ija, ndipo pambuyo pake inaipereka kwa Toàn.

Kunena zoona, pofika nthawi imeneyo mbiri yake inali itaonongeka kale. Mu 2013 anagwidwa ndi mankhwala oletsedwa ndipo anaimitsidwa kwa zaka ziwiri, koma atangobwerera anagwidwanso pa mpikisano wa dziko lonse wa ku Houston mu 2015, zomwe zinachititsa kuti amuletse kwa zaka zisanu ndi zitatu. Pamene chilango chachiwirichi chimamugwera n'kuti ali ndi zaka za m'ma 20 zoyambirira, msinkhu umene wonyamula zitsulo amakhala akungoyamba kukhwima.

Ife pano sitikuona kuti n'chilungamo kusenzetsa mnyamatayu mlandu wonse. Mwana wa zaka 18 amene ali kutali ndi kwawo amadya ndi kumwa zimene aphunzitsi ndi madokotala a timu amupatsa, ndipo umboni woti vutoli linali la gulu lonse ulipo. Kostova anagwidwa pa kupimanso kuja ndipo anafufutiridwa zotsatira zake za ku London. Nizami Pashayev, mbadwa yeniyeni ya Azerbaijan amene anakhala katswiri wa dziko lonse pa makilogalamu 94 ku Warsaw mu 2002 ndi ku Doha mu 2005, nayenso anafufutiridwa zotsatira zake za ku Beijing. Mu 2017 bungwe loyendetsa masewerowa padziko lonse, la IWF, linaimitsa kwa chaka chimodzi mayiko asanu ndi anayi amene osewera awo atatu kapena kuposerapo anagwidwa pa kupimanso kuja, ndipo Azerbaijan inali m'gululi pamodzi ndi Russia, Kazakhstan, China ndi ena.

Amene amatimvetsa chisoni kwambiri pa nkhaniyi ndi Toàn. Tsiku lija ananyamula makilogalamu 284 n'kubwerera kwawo chimanjamanja, osakwera pansanja ya opambana, ndipo anadikira zaka zambiri kuti dzina lake lilembedwe pamene mwalipezapo.