Buku loseketsa koma lonena za poizoni wa m'mafakitale

Achemwali, mwafunsa mafunso awiri: zingatheke bwanji kuti buku lonena za fakitale yothira poizoni m'madzi likhale loseketsa, ndiponso ngati zimene Neal Stephenson analemba mu Zodiac zili ndi mutu kapena anangopeka kuti nkhani ikome. Ine ndikuona kuti yankho lake ndi limodzi. Bukuli limakoka chifukwa poizoni wake ndi weniweni, njira yomufufuzira ndi yeniyeni, ndipo nthabwala ndizo zimakugwirani dzanja kuti musatope mkati mwa sayansiyo.

Linatuluka mu 1988, ndipo nkhani yake ikuchitikira padoko la Boston ku America. Nthawi imeneyo dokoli linali lonyansa zedi moti chaka chomwecho George H. W. Bush anakwera boti n'kuzungulirapo pofuna kunyazitsa Michael Dukakis, bwanamkubwa wa Massachusetts amene ankapikisana naye pa chisankho. Ngalande zakale za mzindawo zinkanyamula pamodzi zonyansa za m'zimbudzi ndi madzi a mvula. Mvula ikachuluka zinkasefukira, zonse n'kukathira m'doko zosayeretsedwa. Wosimba nkhaniyi, Sangamon Taylor, ndi katswiri wa makemikolo wogwira ntchito ku gulu loteteza chilengedwe, ndipo amayenda pamadzi amenewa ndi kaboti kopopa kokhala ndi injini kumbuyo. Dzina la bukuli likuchokera pa kaboti komweko.

Wakupha m'nkhaniyi alibe mpeni, ndi mafuta otchedwa PCB. Mukawamvetsa mafutawa, bukuli mulimva kukoma kawiri. Anayamba kupangidwa kuti azigulitsidwa mu 1929, ndipo ku America ankawapanga ndi a kampani ya Monsanto pa dzina loti Aroclor. Ankawathira m'matransifoma ndi m'zipangizo zina za magetsi chifukwa sayaka msanga, sawola, ndipo salola magetsi kudutsa. Kusawolako ndiye vuto lake. Alipo a mitundu 209, kutengera kuchuluka kwa klorini ndi malo amene wakhala pa molekyu. Sasungunuka m'madzi koma amakonda mafuta, choncho akalowa m'doko amamatirira ku matope a pansi. Tizilombo ta m'matope timawadya, nsomba ndi nkhanu n'kudya tizilomboto, munthu n'kudya nkhanuyo, ndipo pa sitepe iliyonse poizoniyo amaunjikana m'mafuta a m'thupi osatuluka. N'chifukwa chake Taylor amathamangira chiwindi cha nkhanu zikuluzikulu zija za m'nyanja yamchere, osati madzi okha. Madzi angaoneke oyera mu labotale pamene chiwindi cha nkhanu chadzaza.

Onani manambala a boma la America lenilenilo: m'madzi akumwa malire ake ndi mamiligalamu 0.0005 pa lita, pomwe mu nsomba zogulitsa ndi mamiligalamu 2 pa kilogalamu. Zinthu zochepa chonchi sizioneka ndi maso, sizinunkha, ndipo pamenepo ndi pamene nkhani ya ufufuzi imayambira.

Asodzi a m'bukumo amatuluka zotupa zakuda pakhungu, matenda otchedwa chloracne. Si zopeka. Mu 1968 ku Japan mafuta ophikira a gaga wa mpunga anasakanikirana ndi PCB wochokera m'makina a fakitale, anthu oposa chikwi n'kudwala, ndipo zomwezo zinachitikanso ku Taiwan mu 1979. Kwa ife owerenga Chichewa pali chinthu chimene mzungu sangachimve: mawu oti ziphuphu amatanthauza zotupa za pakhungu komanso katangale, ndipo bukuli likunena za zonse ziwirizo.

Tsono ufufuzi wake umayenda motere, ndipo apa ndi pamene bukuli limandigwira mtima kwambiri. Mumayambira pomwe paipi ikuthira m'madzi, n'kumabwerera m'mbuyo motsata ngalande, chivundikiro ndi chivundikiro. Pomwe ngalande ziwiri zakumana mumatunga mbali zonse ziwiri, n'kutsata imene ili ndi poizoni wambiri. Mukafika pamene nambala yagwa mwadzidzidzi, ndiye kuti mwapitirira gwero lake, lili pakati pa zivundikiro ziwiri zomalizazo. Botolo lake liyenera kukhala lagalasi lofiirira, nthawi zambiri la lita imodzi, chotsekera chake chokhala ndi Teflon mkati, chokutira chosamatirira kanthu chija cha m'mapani okazingira. Lapulasitiki ayi, chifukwa PCB amamatirira ku pulasitiki, komanso pulasitikiyo amatulutsa makemikolo ake amene amasokoneza makina oyezera. Botolo limalembedwa malo, tsiku ndi ola, n'kuikidwa mu ayezi pa madigiri 4. Mumanyamulanso botolo lina la madzi oyera a ku labotale, kulitsegula pamalo omwewo n'kulitsekanso. Likakapezeka ndi poizoni, ndiye kuti mwadetsa nokha ndi manja kapena ziwiya zanu, ndipo zotsatira zonse za tsikulo zatayika.

Ku labotale amagwiritsa ntchito makina otchedwa gas chromatograph, amene amalekanitsa mitundu ija n'kujambula timapiri papepala. Timapiriti tili ngati chidindo cha chala. Pa Aroclor 1242, 1254 ndi 1260, manambala awiri omaliza akunena kuchuluka kwa klorini pa 100 iliyonse polemera, ndipo aliyense ali ndi chithunzi chakechake. Chithunzi cha m'matope chikafanana ndi cha mafuta amene fakitale inkagula, mwini wake wa poizoniyo wapezeka. Ndi timapiri totere timene Sören Jensen wa ku Sweden anationa mu 1966 akufufuza mankhwala ophera tizilombo a DDT mu nsomba ndi mbalame, dziko n'kudziwa kuti PCB wafalikira paliponse.

Zolakwika ndi zambiri, ndipo wolemba wabwino amazisandutsa nkhani. Fakitale ikhoza kutaya usiku mvula ikugwa, inu kufika m'mawa ngalande itatsukika. Apo muyenera kukumba matope, chifukwa madzi amaiwala koma matope amasunga. Botolo likadutsa m'manja mwa anthu atatu koma awiri okha ndiwo asayina pepala lolandirirana, loya wa kampani amangoti mwathiramo nokha, khoti n'kukana umboniwo. Mukapanda kutunga kumtunda kwa fakitale, adzati poizoniyo anachokera kwa anzawo a kumtunda. Ndipo kulowa m'ngalande si masewera: muli mpweya wa hydrogen sulphide wonunkha ngati dzira lowola, umene ukachuluka umapha mphuno kuti musaumvenso, kenako munthu kukomoka.

Nanga kuseka kukuchokera kuti? Kwakukulu kukuchokera pakamwa pa Taylor, munthu wamatama, wosapsatira mawu, amene amafotokoza molekyu ngati akukamba za mnansi wovuta. Kwina kukuchokera pa kusiyana mphamvu: kampani ya mamiliyoni, maloya ndi andale mbali ino, mbali inayo anthu ochepa okhala ndi kaboti, simenti ndi ziwiya za kukhitchini zotsekera mabowo a paipi pansi pa nyanja. Zimenezinso zili ndi gwero: mu 1984 a gulu loteteza chilengedwe la Greenpeace anatsekadi ena mwa mabowo a paipi ya fakitale ya makemikolo ya Ciba-Geigy ku New Jersey. Paipi ikatsekedwa, zonyansa zimabwerera kwa mwini wake pamaso pa atolankhani, ndipo wowerenga amaseka kuseka kwa munthu amene waona Kalulu akugwetsa Njovu. Koma simudzapeza nthabwala yoseka msodzi wodwala uja. Zoseketsa zimagwera onama ndi odzikuza, ndipo ndikuganiza kuti n'chifukwa chake bukuli silipeputsa nkhani yake.

Pali mbali yopeka imene muyenera kuidziwa. Chapakati nkhani imatembenukira ku mabakiteriya osinthidwa mu labotale, ena odya PCB, ena otha kumupanga. Odyawo ali ndi kachoonadi, chifukwa m'matope a mtsinje wa Hudson ku America anapezamo mabakiteriya ochotsa klorini, ngakhale amachita pang'onopang'ono kwambiri. Opanga PCB m'nyanjawo ndi a m'mutu mwa wolemba. Kumapetonso kuli kuthamangitsana ndi mfuti monga mwa mabuku a mtunduwu, ndipo kwa ine mbali imeneyo ndi yopepuka poiyerekeza ndi ya m'ngalande. Muli mawu otukwana ndi za mankhwala ozunguza bongo, choncho si la ana a pulayimale.

Zoona zake ntchito yoyeretsa siithera patsamba lomaliza. Kampani ya General Electric inataya PCB wokwana pafupifupi matani 590 mu Hudson pakati pa 1947 ndi 1977, ndipo kukumba matopewo kunachitika kuyambira 2009 mpaka 2015. America inaletsa kupanga PCB mu 1979, ndipo Pangano la Stockholm la 2001 linaika 2025 kukhala chaka chosiya kuwagwiritsa ntchito m'zipangizo. Apa nkhani ikutikhudza ifenso, chifukwa transifoma yakale ikhoza kukhala nawobe, kulikonse kumene ili. Mafuta oposa mamiligalamu 50 a PCB pa kilogalamu amawerengedwa kuti ndi oipitsidwa. Sawotchedwa pamoto wamba, chifukwa moto wochepa mphamvu umatulutsa poizoni woposa woyambayo. Amafunika ng'anjo yapadera yofika madigiri 1,200. Mafuta obedwa mu transifoma asayandikire chiwaya, khungu, kapena dimba.

Powerenga, achemwali, muzikhala ndi mapu a doko la Boston pafoni. Pezani Spectacle Island, chilumba chimene chinali dzala la mzindawo, ndi Deer Island pomwe pali malo oyeretsera zonyansa, kuti muziona kumene kabotiko kakulowera.