Dzina loti Limbani likulankhula ndi ndani?

Funso: Mwana wanga wamwamuna ndi Limbani, ndipo anamutcha dzinali ndi agogo ake. Tsiku lina anandifunsa kuti, "Amayi, ine ndili ndekha, bwanji sanangoti Limba?" Ndinasowa chomuyankha. Ndithandizeni.

Yankho: Mayi, mwana wanuyo ali ndi khutu lakuthwa, ndipo funso lake landisangalatsa kwambiri.

Dzinali likuchokera ku mneni "kulimba". Polamula munthu mmodzi timati "limba". Tikaphatikiza -ni kumapeto, ndiye kuti tikuuza anthu ambiri, kapena mmodzi amene tikumupatsa ulemu. Nanga khanda loti mchombo wangogwa kumene, ndani angalipatse ulemu wotero? Agogowo sankalankhula ndi mwanayo ayi. Ankalankhula ndi inu, bambo ake ndi abale onse, mwanayo n'kungosenza uthengawo.

Kawirikawiri dzina lotere limadza pamene banja ladutsa m'zowawa: matenda, pakati povuta, kapena ana kumwalira motsatizana. Ndi mawu omwe aja timamva pamaliro, munthu atagwada pafupi ndi namfedwa, atamugwira dzanja, n'kunena chapansipansi kuti, "Pepani, limbani mtima." Wamkulu akatcha mdzukulu wake Limbani, amafuna kuti mawu otonthozawa azimveka pakhomopo tsiku ndi tsiku, ngakhale pomuitana mwanayo kuti adzasambe. Kondwani, Yamikani ndi Pilirani anapangidwa chimodzimodzi. Lekani yekha ndiye amakonda kuloza kunja kwa mpanda, kwa anthu amene banjalo likuwaona kuti akulinena kapena kulichitira zoipa.

Chimene ndimadandaula nacho n'chakuti ambiri amasokoneza Limbani ndi Limbikani, mpaka kulemba dzina lolakwika pa zikalata za mwana. Ndi mayina awiri osiyana. Limbikani akunena za khama, kusagwa ulesi pa ntchito. Limbani akunena za kupirira, kusasweka mtima zinthu zikavuta.

Anzake posewera mpira akhoza kumufupikitsa kuti "Limba", palibe cholakwika. Akadzakula adzakhala "a Limbani", ndipo "a" waulemuyo timamulemba payekha. Akadzabereka, ambiri adzayamba kumuitana ndi dzina la mwana wake kapena la mfunda, monga a Phiri kapena a Banda.

Ngati agogowo ali moyo, mutengeni mnyamatayo akawafunse yekha kuti chaka chimene iye anabadwa pakhomopo panali potani.